Mwana wa Msodzi Aloledwe Kumasulira Yekha Ngale ya Kino

Buku la The Pearl, limene John Steinbeck wa ku America adalitulutsa m'chaka cha 1947, lakhala pa mndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE m'phunziro la Chingerezi. Nkhani yake ndi ya Kino, mmphawi wa m'mphepete mwa nyanja ku La Paz m'dziko la Mexico. Mwana wake atalumidwa ndi chinkhanira, dokotala adakana kumuthandiza poti bamboyo adalibe ndalama. Tsiku lomwelo Kino adavuula ngale yaikulu pansi pa nyanja, nayesa kuti umphawi watha. Koma bwato lake lidabooledwa, nyumba idatenthedwa, mwana adaphedwa ndi chipolopolo, ndipo ngaleyo idaponyedwanso m'madzi.

Ili ndi fanizo, nkhani yonena china potchula china. Chomvetsa chisoni ndi kaphunzitsidwe kake. Mphunzitsi alemba pabolodi kuti ngale ikuimira umbombo, chinkhanira chikuimira kuipa. Ana akopera, aloweza, nakalavula zomwezo pa mayeso. Kumeneko ndi kutafunira mwana amene ali ndi mano ake.

Wophunzira wa ku Nkhotakota safunika kumutafunira. M'bukuli ogula ngale ankaoneka ngati akupikisana, chikhalirecho onse adali antchito a munthu mmodzi, ndipo mtengo adali atapangana kale. Mwana amene adakulira pagombe la ku Chia kapena pafupi ndi mathiriro a Bua adaonapo bambo ake akukocheza mbandakucha ndi usipa, ogula ataima chilili ndi mtengo umodzi pakamwa, podziwa kuti nsomba sizidikira dzuwa likakwera. Akawerenga kuti bwato la Kino lidali la agogo ake, amamva kulemera kwa kuliboola kuposa mphunzitsi wokulira m'tauni. Madzulo adamvapo nthano za Kalulu ndi Fisi, ndipo sadaganizepo kuti zimakamba za nyama zakutchire. Adamvanso mayi ake pamtondo akuimba za mbalame yaphokoso, apongozi ali pakhonde nkumamva bwino lomwe kuti mbalameyo ndani. Luso lomva zophiphiritsa mwanayu adafika nalo ku sekondale. Chimene akusowa ndi Chingerezi cholinenera ndi chizolowezi choloza tsamba pamene umboni wake uli.

Wina asayese kuti phiphiritso ndi masewera a olemba. Dziko lino lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo m'chaka cha 1968. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zidatuluka mu 1981. Mwini wake adamangidwa mu 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu kufikira 1991. Olamula a masiku amenewo adadziwa kuti wotchula bilimankhwe sakunena za chokwawa cha pamtengo. Nchodabwitsa kuti luso limene lidaopedwa chotero lero lasanduka mizere iwiri yoloweza.

Apa mpamene akuluakulu a ku Unduna wa Maphunziro ali ndi mbali yao. Woyendera sukulu akapeza kalasi ikukangana m'Chichewa kwa mphindi zochepa za chimene ngale ikutanthauza, isanalembe mfundo zake m'Chingerezi, asadzudzule mphunzitsiyo. Aone zimene zalembedwa m'makope. Ochonga mayeso a MANEB nawonso asamangike ku yankho limodzi. Kino atagwira ngale m'manja adalota mwana wake ali pasukulu, akuwerenga mabuku kuti anthu ake asadzanamizidwenso. Mtsikana wa Folomu 4 amene makolo ake adagulitsa mpunga wonse wa chaka kuti amulipirire fizi akhoza kulemba kuti kwa Kino ngaleyo idali sukulu. Ngati waloza ndime imene Kino akulota zimenezi, nafotokoza m'Chingerezi chomveka, apatsidwe malikisi ake onse.