Msiyeni Napolo, mlandu ngwathu

Ine nkhani ya Napolo ndatopa nayo. Phiri likangogumuka timathamangira kunena kuti chinjoka chija chadutsa, basi mlandu wathera pompo. Agogo athu adatero ku Zomba mu 1946. Tidateronso mu Marichi 1991 pamene miyala ndi matope a m'phiri la Michesi zidapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adatsitsira phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Abale, njoka yanji yomangosankha amphawi?

Phiri siligumuka mwamatsenga. Mvula ikagwa masiku atatu osakata, dothi limakhuta madzi, limalemera, kenaka limatsetsereka pa thanthwe la pansi. Mizu ya mitengo ndiyo inkathandiza kuligwira. Mitengoyo tidaotcha makala. M'munsi mwa phiri tidakumba maziko, ena tidamanga m'khwawa mwenimweni, chonsecho timadziwa kuti madzi saiwala khwawa.

Komatu tisanyoze womanga kumtundako ngati chitsiru. Malo abwino mumzinda uno ali ndi eni ake, ndipo lendi ndi ya moto. Ndikufunsa inu akuluakulu ovala masuti: nyumbazo zikumangidwa masana dzuwa likuswa mtengo, mudali kuti? Pa maliro mumafika ndi mabulangete ndi ojambula zithunzi. Bwanji osafika mu Okutobala ndi malo oti anthuwa asamukireko?

Podikira yankho lawo, tidzipulumutse tokha. A zanyengo akachenjeza pa wailesi za mvula yamphamvu, inu okhala m'mphepete mwa phiri chokani kukadali kowala, mukagone kusukulu, kutchalitchi kapena kwa abale kutali ndi makwawa. Mukaona ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ikupendekeka, kasupe akutumphuka pomwe panalibe, mtsinje wadetsedwa ndi matope kapena waphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, musadikire amfumu. Mukamva kulindima kumtunda, thawirani cham'mbali, osati kumunsi, chifukwa matope amathamanga kuposa inu. Osabwerera kukatenga mbuzi kapena wailesi.

Ena ati ndikunyoza miyambo. Iyayi. Makolo potchula Napolo ankatiuza malo oti tiziwaopa. Ife tidasunga dzinalo, chenjezo n'kulitaya.