Katemera wachiwiri wa chikuku, uja timamuiwala

Mwana akakwanitsa miyezi 9, ambiri a ife sitilephera kupita naye kusikelo kukabayitsa katemera wa chikuku. Pomwe timagwa mphwayi ndi pa miyezi 15. Mwana wayamba kuyenda, akudya nsima, ndipo buku lake lakuchipatala lalowa pansi pa sutikesi. Chonsecho katemera woyamba sagwira mwa onse: pa ana 100 obayidwa ali ndi miyezi 9, pafupifupi 15 satetezeka mokwanira. Wachiwiri ndiye amatseka mpata umenewo.

Kachilombo ka chikuku kamayenda mumpweya, ndipo kamatha kukhala m'chipinda maola awiri wodwala atatulukamo. Pa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala pafupi ndi wodwala, 9 amatenga. Choopsa n'chakuti mwana amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanatuluke, tikuyesabe chimfine wamba. Tangoganizani kalasi ya ana ku Sukulu ya Sabata, kapena msonkhano wa misasa kumene mabanja a midzi yosiyanasiyana amagona mothithikana sabata yathunthu. M'chaka cha 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi muno, ndipo pafupifupi 300 anamwalira.

Amene chimawapweteka kwambiri ndi ana osakwana zaka 5, makamaka onyentchera, osowa vitamini A ndi amene ali ndi HIV. Pambuyo pa zidzolo pamabwera chibayo ndi kutsegula m'mimba, ndipo ena amachita khungu.

Apa tiuzane zoona, abale ndi alongo. Ife timakonda uthenga wa zaumoyo, ndipo tamvapo ena akunena kuti mwana wodya bwino, wakumwa madzi abwino ndi kuothera dzuwa safunika jakisoni. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, maungu, mapapaya ndi masamba obiriwira zimamupatsadi mphamvu yolimbana ndi matenda akabwera. Koma sizitchinga kachilomboka kuti kasalowe. Mu 2015 likulu la mpingo wathu padziko lonse linanena poyera kuti chikhulupiriro chathu sichiletsa katemera, ndipo linalimbikitsa kuti tizilandira.

Mwana akatentha thupi, akutsokomola, maso afiira, kenako zidzolo zayamba kumaso n'kutsikira m'thupi, tisamubise m'nyumba. Tisamuthirenso madzi a zitsamba m'maso. Maso a mwana wa chikuku amakhala atafooka kale. Tipite naye kuchipatala, tikawauze msanga zomwe tikukayikira kuti asamuike pamzere ndi makanda. Kumeneko adzamupatsa vitamini A. Kutchalitchi ayambe wapuma mpaka masiku 4 atadutsa chitulukireni zidzolo.

Madzulo ano tulutsani mabuku a ana onse, ndi a zidzukulu zomwe mukulera. Ngati pa miyezi 15 palibe cholembedwa, musaope kuti mwachedwa: ngakhale mwana ali ndi zaka 3, pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo. Katemerayu ndi waulere.