Mwamva Kwa Yani?

Acinyamata anzanga, m'caka ca 2020 mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku zinafalikira m'Zambia muno ngati moto wa lupsa. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu okwiya pongowaganizira cabe. Nkhanizo zinali kuyenda pa WhatsApp, m'manja mwa anthu odziwa kuwerenga, opita kusukulu. Nanga sukuluyo inawathandiza ciani?

Ine ndikuti mlandu wina uli m'kalasi. Mphunzitsi alemba pabolodi, ife tikopera, tiloweza, tikasanza pa mayeso. Mwana akafunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi munazipeza kuti?" achedwa wamwano. Mwana wotere akakula ameza ciliconse cobwera pafoni, pakuti anazolowera kumeza.

Mu 2025 boma linayamba maphunziro atsopano ku Fomu 1, ofuna kuti mwana azifufuza yekha. Ndi bwino. Koma pepala la ku Lusaka silingasinthe kalasi ya ku Sinda kapena ku Vubwi ngati funso likali kuoneka ngati cipongwe.

Ena ati, "Tilibe makompyuta, tifufuza ndi ciani?" Kodi Mkaika uli kutali? Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, ndipo unayambanso mu 1984. Tumani ana afufuze cifukwa cake. Afunse agogo awiri a midzi yosiyana, afunse nduna za mfumu, aone m'buku, amvetsere wailesi. Mayankho akasiyana, phunziro layamba: Anaona yekha ndani? Anangomva ndani? Wolemba bukuli anali mbali iti? Izi sizilira magetsi.

Ena ati kufunsa kuononga cikhulupiriro. Tsegulani Macitidwe 17:11. Anthu a ku Bereya anamva ulaliki wa Paulo mwini, komabe masiku onse anafufuza m'Malembo kuti aone ngati zinali zoona, ndipo Baibulo liwayamika. Ngati mtumwi sanakhumudwe, mphunzitsi wa Mbiri akhumudwirenji?

Aphunzitsi athu, timakulemekezani. Lolani ana afunse, ndipo awapatse ulemu amene abwera ndi umboni. Makolo, musamukalipire mwana wofuna kudziwa gwero la nkhani. Ndipo ife a m'gulu la acinyamata tipangane: uthenga usacoke m'foni yathu tisanafunse kuti, "Mwamva kwa yani?" Lamulo lakuti usacitire mnzako umboni wonama ligwira nchito ndi pafoni pomwe.