Amene akugwa mu filimu, amayi ake ndani?

Dzuwa likapendeka ku Zemba ndi m'misika ina ya kuno ku Chadiza, pamamveka kulira kwa mfuti. Si mfuti zenizeni ayi, ndi sipika ya m'kanyumba ka vidiyo, kapena foni imene anyamata aiunjirira pakhonde la golosale. Rambo wamanga kansalu kumutu, Chuck Norris watulukira m'madzi, munthu mmodzi akusesa gulu lonse ngati akusenga udzu. Ana akukuwa, akulu akuomba m'manja, womasulira m'chilankhulo chathu akuthirapo nthabwala. Nanga amene akugwa aja, alipo amawawerenga? Mnyamata wagubuduka kuchoka pansanja uja, amayi ake ndani? Uthenga wa maliro ake ukafika pamudzi uti?

Sitikudana ndi mafilimu a nkhondo. Tikudana ndi bodza. Alipo mafilimu amene amanena zoona, ndipo ndi omwewo amene sawonekawoneka kuno.

Taganizani za All Quiet on the Western Front, filimu ya Chijeremani imene Edward Berger anaitulutsa mu 2022 kuchokera m'buku la Erich Maria Remarque. Imayamba ndi yunifomu. Msilikali wafa, amuvula malaya, awachapa magazi, azimayi awasoka pomwe panalowa chipolopolo, kenaka awapereka kwa mnyamata wina wongochoka pa sukulu. Iye apeza dzina la munthu wina pakolala, mkulu wolemba asilikali alithothola n'kuliponya pansi. Kodi pali chimene chingafotokoze bwino moyo wa msilikali woyenda pansi kuposa malaya amenewa, amene akhalitsa kuposa owavala? Kumapeto, pa 11 Novembala 1918, mtendere utasainidwa kale, mkulu wankhondo amene wadya bwino m'nyumba yofunda atuma anyamata kukaukira kutatsala mphindi zochepa kuti mfuti zitonthole. Afera chiyani? Filimu yoyamba ya buku lomweli, ya mu 1930, otsatira a Hitler anaisokoneza ku Berlin mpaka boma linailetsa. Ankaopa chiyani, ngati si mnyamata amene angaonere n'kukana kupita?

Saving Private Ryan ya Steven Spielberg ilinso ndi mphindi zake zoyamba zimene munthu sungaziombere m'manja: pagombe la Omaha pa 6 Juni 1944, wina akufunafuna mkono wake umene waduka, wina matumbo ali panja akuitana amayi ake.

Koma tisathamangire ku Ulaya, nkhaniyi ndi yathu. Aliyense wopita ku Chipata amadziwa kampu ya asilikali ya Gondar. Ndi angati amadziwa kuti Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali achikuda a Angerezi anamenyana ndi Ataliyana mu Novembala 1941? Ku Ndola kuli Tug Argan, dzina la mpata wa m'mapiri ku Somaliland kumene anyamata a Northern Rhodesia Regiment anachingamira adani mu Ogasiti 1940. Ku Kabwe kuli Chindwin, mtsinje wa ku Burma. Ku Lusaka kuli Arakan, dera la ku Burma komweko. Mayina a malo tinawasunga pazikwangwani, koma mayina a anthu tinawasunga kuti? Mnyamata wa Chichewa kapena wa Chingoni amene anasiya khasu ku Fort Jameson, ku Chipata kwa lero, n'kukagona m'matope a ku Burma, mvula ikumukhuthukira, malungo akumunjenjemeretsa, ankamenyera dziko la yani? Atabwerako, anapeza chiyani? Dziko linali lomwelo la msonkho ndi chitupa, kumene munthu wakuda ankagulira nyama pawindo.

Makolo a anyamata amenewo anali ataonapo kale. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija ku Malawi amaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza. Kupatula asikari, amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza ufa, zipolopolo ndi katundu wa azungu pamutu, ndipo kuno kwathu nako atsamunda analemba amuna ambirimbiri kudzera mwa mafumu. Ochuluka sanaphedwe ndi chipolopolo. Anawatha ndi kamwazi, njala ndi kutopa, n'kusiyidwa m'mbali mwa njira. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kufunsa chifukwa chake amphawi a kuno afere mkangano umene sakuudziwa, pamene eni mkanganowo ali kwawo. Funso limenelo linayankhidwa? Ndipo tsiku lija filimu ya Berger ikuthera, kuno nkhondo inali isanathe. Mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anamva za mtendere ali pa mtsinje wa Chambeshi, n'kukatula zida ku Abercorn, ku Mbala kwa lero, pa 25 Novembala 1918. Mapeto a nkhondo ya dziko lonse anachitikira pa nthaka ya Zambia. Filimu yake ili kuti, imene kamera ikutsatira mtengatenga osati mzungu wa chipewa?

Ku Senegal anayesa. Ousmane Sembène anatulutsa Camp de Thiaroye mu 1988, yonena za asilikali achikuda amene Afalansa anawawombera pa 1 Disembala 1944 chifukwa chofunsa malipiro awo atabwera ku nkhondo. Ngati iwo anatha, ife chatigwira n'chiyani?

Chopweteka kwambiri n'chakuti kuno ku malire sitifunika kufukula za 1918. Amene ali ndi zaka makumi asanu akukumbukira Matsanga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo, zimene tinkazitcha Matsanga, zinkadumpha malire kuchokera ku Tete, kulowa m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha, kulanda ng'ombe ndi kugwira anthu kuti awasenzere katundu. Mtengatenga yemwe uja anabweranso, patapita zaka makumi asanu ndi awiri. Mabanja ankagona kuthengo, mwana akafuna kulira amayi n'kumutseka pakamwa. Abale athu a ku Mozambique, Achewa anzathu amene timakagwada nawo limodzi kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, anathawira kuno, ena n'kukakhala ku Ukwimi. Pamene mtendere wa ku Mozambique unkasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atafa, ndipo ambiri mwa onyamula mfuti anali ana ogwidwa kumudzi. Ndiye mayi amene anabisala m'chimanga usiku umene uja, akamadutsa pa kanyumba ka vidiyo n'kumva mdzukulu wake akusekera kulira kwa AK-47, mumtima mwake mumadutsa chiyani? Tinayamba tamufunsapo?

Eni mavidiyo, tikudziwa kuti mumafuna ya sopo, ndipo Rambo amadzaza mabenchi. Koma tsiku limodzi pa sabata lingakugwetseni mukaonetsa filimu imene msilikali amalira? Inu omasulira, pamene munthu akutsirizika, nthabwala ikufunikiranji? Aphunzitsi a mbiri yakale, mwana akulemba mayeso a nkhondo za ku Ulaya, bwanji osamutuma kwa agogo ake ndi kope kuti akamve za 1988? Nanga inu achinyamata amene mumajambula masewero ndi nyimbo pa foni n'kuika pa Facebook, mwasowa nkhani? A ku Burma aja pafupifupi onse tinawaika kale m'manda, nkhani zawo zili m'mimba. A nthawi ya Matsanga akadali nafe, akupalira fodya ndi soya, akukhala pa mphasa pamaliro. Foni yojambulira ili m'thumba mwanu. Mudzapita liti kukawagwadira n'kuwapempha kuti, agogo, tiuzeni za usiku uja?