Musamanyoze kaampulifaya kakang'ono

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mumadutsa pano, lero ndalemba ndili wokwiya pang'ono. Mundikhululukire.

Sabata yatha, pamsonkhano wa komiti ya zosangalatsa, ndinapempha kuti tigule kaampulifaya kakang'ono koti ana a kalabu ya nyimbo aziphunzirira gitala. Anthu anafa nalo phwete. Wina anati nchidole. Ndalama zonse akuti zipite ku chisipika china cha disiko, chikhalirecho ziwiri zikudya fumbi muofesi ya a hedi.

Tandiuzani, zisipika zimenezi zimalira kangati? Mwina katatu pa teremu, magetsi akakhalapo kapena jenereta ikapeza mafuta. Kodi alipo mwana anadziwa gitala poigwira katatu pa teremu? Gitala imafuna zala tsiku ndi tsiku mpaka zichite zikang'a. Ndipo gitala yamagetsi yomwe tinapatsidwa ija, popanda ampulifaya imangonong'ona. Mtsikana wathu wa Fomu 3 amaiimba atagunditsa khutu pathabwa. Tsiku la variety show tinamulumikiza ku chisipika, anamva zolakwa zake koyamba pamaso pa sukulu yonse. Anzake anamukuwiza. Kuyambira tsikulo sanabwerenso kukalabu. Amene mukusekanu, mwanayo munamufunsako?

Tinthu timeneti si tachilendo ayi. Pignose inayamba kugulitsidwa ku America cha m'ma 1973, imayendera mabatire asanu ndi limodzi a AA. Roland Micro Cube ya 2004 nayonso chimodzimodzi, mphamvu yake mawati awiri okha. Marshall MS-2 imakwana m'dzanja, batire imodzi ya mavoti 9 basi. Kuno kwa Mphuka, komwe nyumba zambiri zilibe magetsi, ubwino wake ndi umenewu. Mwana akanyamula m'chikwama, akakhala pansi pa mtengo, naimba motsitsa osasokoneza a Fomu 4 amene akuwerengera MSCE. Akalakwitsa amadzimva yekha, n'kubwereza, palibe womuseka.

Mnzanga wina anandiponyera dzina la Allan Namoko, ati mwana wa kuno ku Thyolo anagwedeza dziko ndi Chimvu Jazz Band wopanda waya uliwonse. Zoona, ndipo chimwalirireni mu 1995 sitinapeze wina wonga iye. Koma banjo imafuula yokha, anaipangira zimenezo. Ngati mukufuna ana aziimba banjo, gulani banjo, ine ndivina. Koma musabise umbombo wa disiko kumbuyo kwa malemu.

Kaampulifayaka kali ndi zofooka zake, sindikukana. M'holo sikangamveke, besi kamailiza ngati chitini, ndipo mabatire amadya ndalama pokhapokha mutapeza otchaja pa sola. Nanga ndani anati tikaimbire ukwati?

Lachinayi komiti ikumananso. Ndabwereka kamodzi kwa mnyamata woimba kutchalitchi, ndipo mtsikana uja wavomera kudzayesa, bola chitseko chikhale chotseka. Inu ana anga muli ku Joni, mukakaona kakaunjika kotchipa, mundiuze mtengo msanga Lachinayi lisanafike.