"PROTECTION": DENGA LOFOLERA YANI?

Alipo mau a Cingelezi amene ana athu awaloweza m'sukulu osafunsa kanthu, ndiwo "protection." Aphunzitsi ena angoti, "Ndico citetezo," napitirira. Ife tikana kuti kumasulira kotere nkokwanira, pakuti mau amenewa anacita zazikuru kuno kwa Mwase, ndipo mwana wa Kasungu ayenera kuwadziwa kufikira kumizu.

Muzu wace uli m'Cilatini. "Pro" ndiko kuti patsogolo. "Tegere" ndiko kubvundikira, monga munthu afolera denga. Tsono wocita "protection" ndiye woima patsogolo pa mnzace ndi kumphimba kuti mubvi kapena mbvula zisamgwere. Ndi mau okoma ndithu. Koma taonani, cobvundikira cimodzimodzico cikhoza kucinjiriza, cikhozanso kupsinja. Angelezi eni ace anacilawa ici: mu 1653 Oliver Cromwell anadzicha "Lord Protector," ndiye Mtetezi, nalamulira dziko lao ndi mphamvu ya asilikari.

M'muzu womwewo mudaturuka dzina la "Protectorate," limene anacha dziko lathu mu 1891, nalichanso Nyasaland Protectorate mu 1907. Nanga citetezoco cinafika bwanji ku Kasungu? Cinafika ndi mfuti mu 1895, pamene Swann anathyola linga la Mwase. Pambuyo pace panamangidwa boma la Fort Alston, ndipo msonkho wa nyumba unatsata. Sitikana kuti malonda a akapolo analeka. Tiyamika pa ici. Koma wotetezedwayo sanafunsidwe. Sanafunsidwenso mu 1953, pamene anatimangirira pamodzi ndi maiko a Rhodesia, mafumu ndi anthu alikukana.

Cimodzimodzi pa fodya. Mu 1926 Boma linaika Native Tobacco Board, ati kusamalira mlimi wa kumudzi. Koma bungwelo ndilo linalamula misika, nilidula msonkho pa fodya wa mlimi yemweyo. Cimodzimodzinso pa nyama. Dziko la kumadzulo kwa Kasungu, kumene anthu anacotsedwa cifukwa ca nthenda ya kaodzera, linasanduka nkhalango yoletsedwa mu 1922, ndi paki mu 1970. Mu 2022 anatengerako njobvu 263 za ku Liwonde. Ndipo m'midzi ya m'malire cimanga cinatha, ndi maliro anacitika. Njobvu iri nalo denga lace. Nanga mai wolima pafupi ndi waya, denga lace liri kuti?

Wina adzati, "Kodi mufuna kuti tikhale opanda citetezo?" Iai. Nkhalango isungidwe, lamulo likhalepo, mlimi akongole feteleza ngati afuna. Tingoti mau okoma asatigoneke tulo. Makolo anati, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Cifukwa cace tipempha aphunzitsi anzathu: pophunzitsa mau awa musalekeze pa "citetezo." Muphunzitsenso mafunso atatu oyenda nao. Wotetezedwa ndani? Amteteza ku ciani? Ndipo wolipira ndani? Mwana wodziwa kufunsa izi, akadzakula nampatsa kalata wa pangano la fodya wodzala ndi malonjezo, sadzafulumira kudinda cala. Adzayamba wayang'ana kumwamba, aone ngati dengalo lafolera nyumba yace kapena nkhokwe ya mwini kalata.