Za Ziweto Zathu: Muyeso wa Chakudya cha Tinyama ta M'madzi

Mwezi uno tinene za tinyama timene ana akonda kusunga m'galasi la madzi. Tambiri mwa ito tifa msanga ndi kukhuta, chifukwa mwini wake ayesa kuti kupatsa kwambiri ndiko chifundo.

Ku Mexico, m'ngalande za Xochimilco, kuli kanyama kotchedwa axolotl. Kafanana ndi buluzi, koma kakhala m'madzi moyo wake wonse, ndipo kapuma ndi tinthenga totuluka m'mbali mwa mutu. Kakali kamwana kadya tsiku ndi tsiku. Kakakula kapatsidwa nyongolotsi imodzi kapena ziwiri, kawiri kapena katatu pa mlungu, basi. Mimba ikakula koposa mutu, osunga adziwa kuti apyola muyeso. Kanyamaka kafuna madzi ozizira, a madigiri 16 kufikira 18. Kotero kutentha kwa kuno ku Likoma sikangathe kukupirira.

Koma Mulungu sanatimane. M'matanthwe a Likoma ndi Chizumulu muli mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene anthu a ku Ulaya atigula ndi ndalama zambiri. M'nyanja mbuna zambiri zikhalira kupala ndere pa miyala, ndipo matumbo ake ngaatali, oyenera zomera. Mukazipatsa usipa kapena nyongolotsi kawirikawiri, zitupa mimba, zileka kudya, nizifa.

Tsono lamulo nali. Muike m'galasi mwala wa ndere wochokera m'nyanja, kapena tsamba la ndiwo lofutsa pang'ono. Mudyetse kawiri pa tsiku, chakudya chongokwanira kutha m'mphindi imodzi. Chotsala muchichotse msanga, pakuti chikavunda chiipitsa madzi, ndipo nsomba zipuma movutika. Nsima musaponyemo konse. Tsiku limodzi pa mlungu musazipatse kanthu. Lachisanu ndilo losavuta kukumbukira kwa Mkhristu.

Mukaona yaikazi yotupa kukhosi ili kukana chakudya, musaikakamize. Ili kufungatira mazira m'kamwa, ndipo ikhala pafupifupi masiku 21 osadya kufikira ana atakhwima. Amayi ambiri a pa chilumba pano, ogona ndi njala kuti ana adye, adzaimvetsa nsomba imeneyi.

Ntchito yodyetsa muipereke kwa mwana mmodzi yekha, kuti asadyetse aliyense wopita pafupi. Mwana wophunzira kuyesa chakudya cha kansomba kake aphunziranso kudziletsa pa mbale, ndipo tchimo la kususuka silidzampeza wosakonzeka.